Khoti lakumasulani, nanga dzina lanu?

Aliyense womvera nkhani za pa wayilesi amadziwa mmene chikalata cha apolisi chimathera. Mneneri wa polisi akafotokoza kuti agwira munthu, amatchula dzina lake lonse, zaka zake, mudzi umene amachokera, mfumu yaikulu ndi boma. Pofika madzulo, chithunzi cha munthuyo atakhala pansi pambali pa katundu amene akuti wabedwa chimakhala chitafika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a kumpingo, a kuntchito ndi a anzake amene anaphunzira nawo. Amalume kumudzi amva, apongozi amva, ana akafika kusukulu mawa lake anzawo amawalozerana.

Pakapita miyezi, pena chaka, majisitireti n'kunena kuti umboni palibe, m'khoti mumakhala anthu ochepa: mkazi wake, mbale mmodzi kapena awiri, ndi ena amene akudikira milandu yawo. Mtolankhani sakhalapo. Munthuyo amatuluka ali mfulu, koma ntchito inatha, amene ankamuoda katundu anasamukira kwina, ndipo wina akalemba dzina lake pa intaneti chimene chimayamba kutuluka ndi nkhani ya tsiku lomangidwa lija.

Kupambana mlandu ndi kuyeretsa dzina ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba khoti limathandiza. Yachiwiri palibe ofesi ya boma imene idzaigwire yokha popanda mwiniwake kuiyendera. Malamulo a dziko lino ali ndi njira zingapo, zina zaulere, zina zodula, koma pafupifupi zonse zimadalira zimene munthu anachita m'masiku oyamba, pamene mutu unali utaima ndipo mtima unkangofuna kubwezera.

Maola oyamba

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ndi lofunika kulidziwa ngakhale kwa munthu amene sanapondepo pa polisi. Womangidwa ayenera kuuzidwa msanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe amene angamukakamize kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu wolankhula ndi loya. Ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamlungu kapena pa tsiku la tchuthi. Gawo lomweli limanena kuti munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa.

Munthu wonamiziridwa ndiye amene amalankhula kwambiri pa polisi, chifukwa amakhulupirira kuti akafotokoza bwinobwino amumvetsa n'kumusiya. Nthawi zina zimaterodi. Koma sitetimenti yolembedwa mothamanga, m'Chingerezi, ndi munthu wina, n'kusainidwa osaiwerenga, ndi imene imadzawerengedwa m'khoti patapita miyezi. Musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'chilankhulo chanu. Ngati muli mawu amene simunanene, pemphani kuti akonzedwe musanaike dzina kapena chala.

Belo ya pa polisi ndi yaulere. Apolisi enieniwo amalengeza zimenezi kawirikawiri, koma achibale ambiri amagulitsabe mbuzi usiku womwewo poganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Apolisi akakana, belo imapemphedwa kukhoti. Ndipo kuchokera pamene lamulo la kazengedwe ka milandu linasinthidwa mu 2010, pali malire a masiku amene munthu angakhale pa rimandi mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, ngakhale khoti lingathe kuwonjezerapo boma likapempha. Ambiri amapyola masiku amenewa m'ndende za Maula, Chichiri ndi Zomba chifukwa palibe amene wawakumbutsira khoti.

Pamene munthu ali m'chitokosi, achibale ali ndi ntchito imene loya aliyense adzawathokozere pambuyo pake. Gulani nyuzipepala imene yalemba nkhaniyo, muisunge yathunthu, tsamba losonyeza tsiku lili pomwepo. Jambulani pa foni uthenga uliwonse wa pa Facebook kapena WhatsApp, moonetsa dzina la woulemba, tsiku ndi ndemanga za anthu pansi pake, chifukwa amene analemba akamva kuti zinthu zavuta amafufuta. Ngati zinanenedwa pa wayilesi, lembani dzina la pulogalamu, tsiku ndi nthawi. Lembaninso mayina a anthu amene anamva kapena kuwerenga n'kusintha mmene amakhalira nanu: amene anabweza oda, amene anathetsa lendi, amene anakuchotsani pa udindo kumpingo. Kukhoti sikokwanira kunena kuti mtima unapweteka. Woweruza amafuna kuona chimene chinanenedwa, amene anachinena, ndi amene anachimva.

Chinthu chimodzi chovuta kuchipirira, koma chofunika: musayankhe ndi chipongwe. Amene wanamiziridwa akalemba pa Facebook kuti womunamizirayo ndi hule kapena mbava, wadzitsegulira mlandu wake wa iye mwini, ndipo ngati winayo ndi mboni ya boma, akhoza kunenedwa kuti akuopseza mboni, belo n'kulandidwa.

Zimene nyuzipepala ingalembe, ndi zimene singalembe

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa akakumana ndi loya. Nyuzipepala ikalemba kuti apolisi akusunga uje pomuganizira kuti waba, ndipo zoonadi anamangidwa, yanena zoona. Kupezeka wosalakwa pambuyo pake sikusandutsa nkhaniyo bodza. Chimodzimodzi nkhani yofotokoza molondola ndi mosakondera zimene zanenedwa m'khoti kapena m'Nyumba ya Malamulo: lamulo limaiteteza, chifukwa anthu ali ndi ufulu wodziwa zochitika m'malo amenewo. Gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa atolankhani, ndipo amene anakhalapo m'nthawi ya chipani chimodzi amadziwa chifukwa chake gawolo linalembedwa.

Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa kulemba kuti munthu akuganiziridwa ndi kulemba mutu wa nkhani wakuti mbava yagwidwa. Mutu wotero waweruza kale mlandu. Palinso nkhani zimene mawu ake onse ndi oona koma kasanjidwe kake n'konamiza: chithunzi cha munthu wina pansi pa mutu wonena za wina, kapena kufotokoza zimene mboni ya boma inanena tsiku loyamba n'kusabweranso tsiku limene mboni yomweyo inalephera kuyankha mafunso. Kuika mawu akuti "akuti" patsogolo pa bodza sikuchotsa udindo. M'malamulo okhudza kuipitsa mbiri, wobwereza nkhani yonyoza amatengedwa ngati waifalitsa iye mwini, ndipo izi zikukhudzanso amene amangotumiza uthenga kuchoka m'gulu lina la WhatsApp kupita m'gulu lina.

Khomo loyamba kugogoda ndi la mkonzi. Lembani kalata yaifupi, yopanda ukali, yotchula tsiku la nkhaniyo, mawu enieni amene ali olakwika, zoona zake, ndi chimene mukufuna: kukonza, kupepesa, mpata woti mbali yanu imveke, ndi kusintha kapena kuchotsa nkhaniyo pa intaneti. Sungani kope losainidwa ndi amene walandira. Pemphani kuti kukonzako kuikidwe poonekera ngati mmene nkhani yoyamba inaonekera, osati kakona ka tsamba la mkati pafupi ndi malonda. Akonzi ambiri amadziwa kuti kupepesa msanga kumachepetsa ndalama zimene khoti lingawalipiritse, choncho kalata yolembedwa bwino imayankhidwa kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Akakana, pali bungwe la Media Council of Malawi, limene nyumba zofalitsa nkhani zinadzikhazikitsira kuti lizisunga mwambo pa ntchito yawo. Lili ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito ya utolankhani, amene amafuna kuti nkhani ikhale yolondola, mbali zonse zimveke, ndipo cholakwika chikonzedwe, ndiponso limalandira madandaulo. Si khoti, ndipo mphamvu zake zimadalira kuti nyumba yofalitsa nkhaniyo ilimvere, koma silifuna kuti mukhale ndi loya. Za wayilesi ndi kanema, dandaulo lingapitenso ku MACRA, imene imapereka ziphaso kwa oulutsa mawu motsatira lamulo la Communications Act la 2016 ndipo ingathe kulanga wophwanya zimene chiphaso chake chimafuna.

Kukasuma

Mlandu woipitsa mbiri umafuna zinthu zitatu: kuti mawuwo amatsitsa ulemu wa munthu pamaso pa anthu oganiza bwino, kuti akunena za iyeyo, ndi kuti anafika kwa munthu wina kupatula iye. Wosumiridwayo angadziteteze ponena kuti zimene ananena n'zoona, ndipo udindo wotsimikizira zimenezo ndi wake. Kapena kuti anali maganizo chabe operekedwa moona mtima pa nkhani yokhudza anthu onse. Kapena kuti ananena pa malo otetezedwa ndi lamulo. Khoti likagamula mokomera wodandaula, limalamula chipukutamisozi, poyang'ana kukula kwa bodzalo, kuchuluka kwa anthu amene linawafika, ndi khalidwe la wofalitsayo atauzidwa kuti walakwitsa. Chiletso choimitsa nkhani isanatuluke n'chovuta kuchipeza, makamaka wofalitsayo akanena kuti ali ndi umboni.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma m'khoti mlandu wa mtundu uwu uli ndi nthawi yake, ndipo ikadutsa khomo limatsekeka. Funsani loya msanga, ngakhale mlandu wa kupolisi usanathe.

Kusumira amene anakunenezani kupolisi n'kovutirapo. Makhoti a m'Malawi akhala akusiyanitsa munthu amene wangokauza apolisi zimene zachitika, apolisiwo n'kufufuza n'kumanga mwa nzeru zawo, ndi munthu amene wakulozani chala n'kuuza apolisi kuti wakuba ndi uyu, mutsekereni. Woyambayo kawirikawiri sapezeka ndi mlandu wokutsekeretsani popanda chifukwa. Wachiwiriyo angapezeke nawo. Mabwana ambiri amene amanyamula wantchito pa galimoto ya kampani kukamutula pa polisi katundu akasowa sadziwa kuti alowa m'gulu lachiwirili. Palinso mlandu wozengetsa munthu mwa njiru. Pamenepa muyenera kuonetsa kuti mlandu unathera mokomera inu, kuti panalibe chifukwa chomveka choukhazikitsira, ndi kuti woyambitsayo anali ndi cholinga china osati chilungamo: mkangano wa malo, nsanje, ngongole, kapena kufuna kukuchotsani pa mpando.

Muyezo umenewu ndi wokwera, ndipo ine ndikuona kuti uyenera kukhala wokwera. Kumasulidwa kwa woimbidwa mlandu sikutanthauza nthawi zonse kuti wodandaula ananama. Milandu yambiri yogwiririra imagwa chifukwa umboni sunasungidwe bwino kapena mboni zinaopa. Mtsikana amene wakanena zoona kupolisi sayenera kuopa kuti mlandu ukagwa adzagulitsidwa nyumba ya makolo ake. Lamulo limalanga bodza ladala: kupereka uthenga wonama kwa wogwira ntchito m'boma ndi mlandu, kunama m'khoti utalumbira ndi mlandunso. Amene anasemeredwa chinyau mwadala ali ndi poyambira, koma ayenera kuonetsa dalalo.

Ngati olakwa ndi apolisi, monga kusunga munthu kupyola maola 48 popanda kumutengera kukhoti, kapena kumumenya kuti avomere, wosumiridwa amakhala boma kudzera kwa mlangizi wake wamkulu pa zamalamulo, ndipo lamulo limafuna kuti apatsidwe chidziwitso cholembedwa miyezi itatu mlandu usanalowe m'khoti. Madandaulo okhudza khalidwe la apolisi angapitenso ku Independent Complaints Commission, yokhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la 2010, ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman. Konseku sikulipiritsa.

Chigamulo cha 2025

Kwa zaka zambiri, munthu woipitsidwa mbiri, makamaka wa udindo, ankathamangira kupolisi kuti womunenayo amangidwe pogwiritsa ntchito gawo 200 la Penal Code. Mu July 2025, oweruza atatu a High Court, atakhala ngati khoti lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko, anagamula kuti gawo limeneli likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Mlanduwo unabwera ndi Joshua Chisa Mbele, amene anaimbidwa mlandu chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza yemwe anali mkulu wa asilikali, General Vincent Nundwe. Malawi anatsatira njira imene khoti la Africa loona za ufulu wa anthu linatsegula mu 2014 pa mlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso, ndi imene makhoti a ku Zimbabwe, Kenya ndi Lesotho anadzeramo.

Chigamulochi n'chabwino. Gawo lija linkatumikira kwambiri anthu amphamvu kuposa mayi wogulitsa tomato amene wanenedwa zabodza pamsika. Koma tisabise mbali inayo: njira yaikulu yotsala ndi yokasuma pawekha, ndipo imeneyo imafuna ndalama, nthawi ndi mtima wolimba. Milandu yotere imatenga zaka, ndipo woluza angalamulidwe kulipira zimene mnzake wawononga. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likadali ndi milandu yokhudza kuzunza ndi kuvutitsa munthu kudzera pa intaneti, ndipo amene akutsatidwa ndi mauthenga oopseza angakadandaule kupolisi. Koma lamulo lomweli lagwiritsidwapo ntchito kumanga atolankhani ndi anthu odzudzula boma, choncho si chida choti tizichikondwerera mosasamala.

Ku England kunachitika nkhani imene imaonetsa kutalika kwa ulendo woyeretsa dzina ngakhale kwa munthu wophunzira ndi wopeza bwino. Mu December 2010, mtsikana wina, Joanna Yeates, anaphedwa mumzinda wa Bristol. Apolisi anamanga mwini nyumba imene ankachita lendi, Christopher Jefferies, mphunzitsi wopuma ntchito. Kwa masiku angapo nyuzipepala zinamusandutsa chilombo, zikumanena za tsitsi lake ndi kukhala kwake yekha ngati umboni. Wopha mtsikanayo anali munthu wina, Vincent Tabak, amene khoti linamupeza wolakwa mu 2011. Chaka chomwecho nyuzipepala zisanu ndi zitatu zinapepesa ndi kulipira Jefferies, ndipo ziwiri zinalipitsidwa chindapusa chifukwa cholemba zinthu zimene zikanasokoneza mlandu. Mu 2022 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, pa mlandu wina, linagamula kuti munthu amene akungofufuzidwa, asanaimbidwe mlandu, ali ndi ufulu woyembekezera kuti nkhaniyo isaululidwe.

Kwathu kuno tikuchita zosemphana ndi zimenezo: dzina, mudzi ndi nkhope zimatuluka munthu asanaonane ndi majisitireti. Pali nthawi zimene kutchula dzina kumathandiza, monga pofuna kuti ena amene anaberedwa ndi munthu yemweyo abwere poyera, ndipo kumanga anthu mobisa n'koopsa kuposa kuwamanga poyera. Koma ofesi imene ili ndi nthawi yolengeza kuti yagwira munthu iyenera kukhalanso ndi nthawi yolengeza kuti khoti lamumasula, m'magulu omwewo a atolankhani mmene inatumiza chikalata choyamba. Izi sizifuna lamulo latsopano kapena ndalama. Zimangofuna kuti likulu la apolisi ku Area 30 lilamule, ndi kuti akonzi azitumiza mtolankhani tsiku la chigamulo monga anamutumizira tsiku lomanga.

Kumene bodza limapha

Si kunamiziridwa konse kumene kumadzera kupolisi. Mu January 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Onsewa sanapatsidwe maola 48, ngakhale ola limodzi.

Lamulo la Witchcraft Act la 1911, lakale choncho, limanena kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Gogo amene wayamba kulozedwa chala pamaliro sayenera kudikira kuti nyumba yake itenthedwe. Achibale apite naye kupolisi tsiku lomwelo, auzenso amfumu pamaso pa mboni. Mfumu imene ikuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti m'mudzi ikuphwanya lamulo lomwelo.

Pa nkhani zina zonamizirana, bwalo la amfumu limatha kuchita zimene High Court singachite. Wonamayo akaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kunena kuti ndinanama, n'kupereka nkhuku kapena mbuzi ya chipepeso, anthu amene anamva bodzalo ndi omwewo amene akumva kubwezedwa kwake. Chigamulo cholembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe sichifika m'makutu amenewo pokhapokha wina atachinyamula.

Ntchito, ndi pepala lomaliza

Kumangidwa pakokha si chifukwa chokwanira chochotsera munthu ntchito. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, ndiponso kuti wantchito apatsidwe mpata woyankha zimene akunenezedwa asanachotsedwe. Bwana angathe kuchita kafukufuku wakewake osadikira khoti, koma ayenera kumumva wantchitoyo. Amene walandira kalata yomuchotsa ali m'chitokosi apite msanga ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court.

Wopanda ndalama za loya ayambire ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ali nayo, ndipo amayamba aona ngati munthuyo alidi wosowa ndi ngati mlandu wake uli ndi mutu. M'ndende ndi m'mapolisi ambiri mumafikanso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene ntchito yawo inayamba m'chaka cha 2000. Iwo saimira munthu m'khoti, koma amathandiza kulemba pempho la belo, kufufuza achibale ndi kukumbutsa khoti za amene aiwalika pa rimandi.

Mlandu ukatha, musachoke pakhoti ndi chimwemwe chokha. Funsani kuti watha motani. Kupezeka wosalakwa n'kosiyana ndi kumasulidwa chifukwa mboni sizinabwere kapena boma laimitsa mlandu, pakuti pa njira ziwiri zomalizazi mlanduwo ungathe kudzutsidwanso m'nthawi imene lamulo limalola. Pemphani kwa kalaliki wa khoti kope la chigamulo kapena lamulo la khoti lokhala ndi chidindo, muchite mafotokope angapo. Limodzi lipite kwa mkonzi aliyense amene analemba za kumangidwa kwanu, pamodzi ndi pempho loti alembe mathero ake ndi kuwonjezera mathero omwewo pa nkhani yakale imene ili pa intaneti. Lina lipite kwa abwana kapena ku bungwe limene linakuimitsani. Lina kwa amfumu ndi kwa abusa kapena shehe, kuti liwerengedwe m'Chichewa pamsonkhano wa mudzi ndi pa zolengeza za tsiku lopemphera. Lenileni lija lisungidwe pouma, chifukwa mudzalifunanso tsiku lopempha kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu, pofunsira ntchito kapena chitupa cholowera dziko lina.